Kuthangata ndi Thangata

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za miyala ndi nthaka kusukulu ya ukachenjede, anabwera kuno ku Mongue pa tchuthi ndi nkhani imene inatikhazika pabwalo mpaka nkhuni zinatha pamoto. Aphunzitsi ake ankafuna anyamata ndi atsikana oti aperekeze gulu la akatswiri kummwera kwa chigawo cha Manica, kumene chivomerezi cha mu 2006 chinang'amba nthaka. Ntchito yake ndi kuyenda padzuwa kulondola mng'aluwo, kusenza zida, kukumba maenje ndi kulemba zimene zaoneka m'maenjemo. Masabata asanu ndi limodzi. Chakudya adzapatsidwa, pogona ndi m'tenti, galimoto ndi ya eni ntchito. Malipiro palibe.

"Tabwereza mawu omalizawo," anatero mayi ake.

Mnyamatayo anabwereza.

"Thangata basi. Agogo ako ankagona m'tchire kuthawa zimenezo, iwe ukukalembetsa dzina wekha? Nanga nandolo ali m'mundamu athyola ndani?"

Iye anatembenukira kwa ine. "Amalume, inu mukuti bwanji?"

Kwathu kuno nkhani ya mwana imathera pa malume wake, ndiye maso onse anali pa ine. Usiku umenewo sindinayankhe. Ndinaona kuti mlongo wanga sakulakwa, mwanayonso sakulakwa, ndipo zikatere ndiye kuti pali funso lina limene silinafunsidwe. Zimene ndalemba panozi ndi zimene zinkayenda m'mutu mwanga masiku otsatirawo, ndipo ndikuona kuti funsolo si la banja lathu lokha: kodi ntchito yopanda malipiro imakhala liti kuthangata mnzako, nanga imasanduka liti thangata?

Tiyambe ndi chimene mwanayo ankafuna kukasaka, chifukwa ambiri mwa ife timayesa chivomerezi ndi nkhani ya pa wailesi, ya ku Japan kapena ku Turkey. Nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono. Mng'alu wake waukulu unayambira kumpoto, kuchipululu cha Afar m'dziko la Ethiopia, nkutsika m'nthambi ziwiri kudutsa Kenya, Uganda ndi Tanzania, mpaka kufika panyanja yathu yaikulu imene ena amati Malawi, ena amati Niassa. Nyanjayo ndi madzi odzaza m'mng'alu, n'chifukwa chake kuya kwake kumafika mamita 700. Kuchoka apo mng'aluwo umatsata chigwa cha Shire, nkuonekeranso ku Urema kumunsi kwa Gorongosa, nkukathera cha ku Machaze. Ife a ku Milange tili m'mphepete mwake. Chitunda chachitali chimene munthu amatsika pochoka ku Thyolo kupita kuchigwa cha Shire ndi nkhope ya mng'alu wina wa makilomita pafupifupi 85, ndipo nthaka ikagwedezeka sifunsidwa chitupa pa Muloza.

Kuno kummwera mbali ziwiri za mng'aluwo zikutalikirana pafupifupi milimita imodzi pa chaka. Chikhadabo cha munthu chimakula kuposa pamenepo pa masabata awiri okha. Vuto lake ndi lakuti thanthwe silitsetsereka bwinobwino. Limakakamira, mphamvu nkumaunjikana zaka mazana kapena zikwi, kenako tsiku lina nkudumpha kamodzi, monga imathyokera nsungwi yopindidwa. Pa 10 Marichi 1989 linadumpha ku Salima, anthu 9 anafa ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Mu Disembala 2009 linadumpha kangapo ku Karonga. Pakati pa usiku, kuchoka pa 22 kulowa pa 23 Febuluwale 2006, linadumpha ku Machaze ndi mphamvu ya 7.0 pa muyeso wa akatswiri, mpaka anthu anadzuka ku Beira, ku Harare ndi ku Durban. Anafa ndi anthu 4. Mu Seputembala 2023 chivomerezi chocheperapo, cha 6.8, chinagunda midzi ya m'mapiri a ku Morocco nkupha anthu pafupifupi 3,000. Ku Machaze midzi ndi yotalikirana ndipo nyumba zambiri zinali za mitengo ndi udzu. Ku Morocco anthu anagona pansi pa makoma olemera a dothi ndi miyala. Zimenezi muzisunge, tizipezanso kutsogoloku.

Makolo athu anali ndi dzina la zoopsa zochokera pansi. Ankati napolo, chinjoka chimene chimasamuka m'phiri kupita kunyanja nkusiya njira ya miyala ndi matope. Tinamuona ku Phalombe mu Marichi 1991 pamene phiri la Michesi linakhuthuka, tinamuona pakhomo penipeni mu Januwale 1998 pamene phiri la Tumbine linagumukira anthu a ku Milange, ndipo tinamuonanso mu Marichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy. Koma napolo amatuma mthenga. Mvula imagwa masiku angapo osaleka, mitsinje imasintha mtundu, wochenjera amayamba kusamutsa ana. Chivomerezi sichituma aliyense, ndipo palibe katswiri padziko lonse amene angatchule tsiku lake. Amene angakuuzeni kuti akulidziwa ndi wabodza, kaya wavala jekete loyera kaya wanyamula nsupa. Chimene akatswiri angathe ndi kuloza malo: mng'alu uli apa, ndi wautali chonchi, unadumpha komaliza zaka zakutizakuti zapitazo, ukadzadumphanso mphamvu yake ingafike pakuti.

Kuti adziwe zimenezo amakumba. Amadula dzenje lalitali mopingasa mng'alu, lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, nkusalaza makoma ake mpaka mizere ya dothi ionekere yosanjikizana. Pamene mizereyo yaduka, mbali ina nkukwera ina nkutsika, pamenepo ndiye panadutsa chivomerezi. Akapeza kachidutswa ka khala mumzere umene unaduka, ndi kena mumzere wa pamwamba umene sunaduke, amatumiza kukayezetsa zaka zake, ndipo amadziwa kuti chivomerezicho chinachitika pakati pa nthawi ziwirizo. Ena amakwirira makina omvera kunjenjemera kwa nthaka, okhala ndi batire ndi sola, nkuwasiya chaka kapena ziwiri. Pakati pa 2011 ndi 2013 ntchito ina yotchedwa MOZART inakwirira makina otere pafupifupi 30 pakati ndi kummwera kwa dziko lathu. Makina otere amafuna munthu wa pamalopo woti aziwayang'anira, popeza sola yosiyidwa yokha m'tchire tonse tikudziwa kumene imathera.

Ndinamufunsa mwanayo chifukwa chake ayenera kukapsa ndi dzuwa kudziko louma pamene ming'alu ili pafupi. Yankho lake linandimveka. Kuno mvula ndi khasu zimafufuta chilichonse. Chitunda cha mita imodzi chikabadwa lero m'munda, pakatha zaka zochepa chasanduka mizere ya chimanga. Kumalo ouma nthaka imasunga chipsera chake nthawi yaitali, n'chifukwa chake akatswiri a zivomerezi amakonda zipululu. Ku Afar, kumene kutentha kumapitirira madigiri 45, mu Seputembala 2005 miyala yosungunuka inadzikankhira mumng'alu wa makilomita 60 nkutalikiranitsa mbali zake mpaka mamita 8 pa masabata ochepa, ndipo akatswiri a ku Addis Ababa ndi anzawo akunja anatha kuyenda pamwamba pake nkuona ndi maso mmene dziko limang'ambikira. Machaze si chipululu cha mchenga wokhawokha. Kuli tchire, kuli mitengo. Koma kwa ife ozolowera mvula ya m'mphepete mwa Mulanje ndi chipululu ndithu, chifukwa madzi akumwa amatungidwa kutali ndipo chilimwe chake sichichita nthabwala. Amakawerenga kumeneko zimene kuno zinafufutika.

Tsopano tibwerere ku mawu a mlongo wanga. Kuthangata ndi mawu abwino a chinenero chathu. Munthu ankathangata mfumu kapena mnansi wake pa ntchito yolemera, kumanga nkhokwe, kukweza denga, podziwa kuti tsiku lina nayenso adzathangatidwa. Azungu a minda ikuluikulu ya ku Nyasaland atatenga malo ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu, anatenganso mawuwo. Aliyense wokhala pamalo a mzungu ankayenera kugwira ntchito m'malo mwa lendi, mwezi wa lendi ndi mwezi wa msonkho, ndipo miyeziyo inkatalika monga mmene mwini malo ndi kapitawo afunira, makamaka m'dzinja pamene munda wa munthu mwiniyo unkamudikira. Ambiri amene anasenza goli limeneli anali Alomwe ochokera mbali yathu ino, othawa chibalo cha Apwitikizi. Nkhanza za pa minda ya Bruce ku Magomero zinali zina mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Mbali ino chibalo chinathetsedwa pa pepala mu 1961, mbali inayo thangata linatha chapanthawi yomweyo. Ndiye kuti alipo amoyo m'midzi muno amene anaona abambo awo akutengedwa kupita kuminda ya tiyi asanafune. Mayi akamva za ntchito yaulere mtima nkumuphulika, musamuyese mbuli. Akukumbukira.

Mukaonetsetsa, chimene chinasiyanitsa ziwirizi si ndalama. Pa dima palibe amalandira ndalama, ndi mowa kapena thobwa basi, koma palibe anatchapo dima ukapolo. Pa chibalo nthawi zina ankamuponyera munthu timakobiri, koma sichinaleke kukhala chibalo. Kusiyana kwake kunali kwakuti pa dima ukhoza kukana, ndipo khasu limene walipereka lero limabwerera m'munda mwako sabata yamawa. Atsamunda anasunga mawu, nkutseka njira imene khasu linkabwererera.

Ndi muyeso umenewu nkhani ya muphwa wanga ndi yosavuta. Palibe akumukoka ndi chingwe. Ndipo khasu lake lidzabwerera: adzaphunzira kuwerenga khoma la dzenje, zimene m'kalasi sangaziphunzire, adzadziwana ndi anthu amene angadzamulembere kalata, mwina dzina lake lidzalembedwa papepala. Ali ngati mnyamata amene amapala matabwa a kalipentala chaka chonse osalandira kanthu kuti tsiku lina adzakhale ndi benchi lake. Ndinazindikira msanga kuti si iye amene ndikumudera nkhawa. Nkhawa yanga inali pa anthu ena amene palibe anawatchula usiku uja.

Chivomerezi cha ku Machaze chitachitika, akatswiri awiri a ku Imperial College ku London, Clark Fenton ndi Julian Bommer, anapita kukaona. Analondola mng'alu wa pamwamba pa nthaka makilomita pafupifupi 15, ndipo pena anapeza kuti mbali imodzi yatsika mamita awiri. Sanathe kuulondola mpaka kumapeto chifukwa cha mabomba okwiriridwa m'nthaka nthawi ya nkhondo. Kulimba mtima kwawo sindikukuchepetsa. Koma aliyense amene anabwerera kuchokera kumisasa ya ku Malawi pambuyo pa 1992 akudziwa mmene munthu amayendera m'dziko la mabomba. Sayenda ndi mapu. Amayenda kumbuyo kwa mwini dera, amene akudziwa njira imene mbuzi zimadutsa ndi tchire limene anthu analisiya. Dziko lathu linalengeza mu Seputembala 2015 kuti malo onse odziwika a mabomba achotsedwa, koma ulendo uliwonse wa kafukufuku kumidzi ukadali ndi munthu ameneyo patsogolo pake. Ndiye amadziwa kumene kuli chitsime, amamasulira mawu kwa mfumu, amasenza chigubu cha madzi, amagwira fosholo dzuwa likakhala paliwombo, ndipo alendo akapita ndiye amatsala kulondera makina.

Mawu oti wodzipereka, kapena voluntário monga amalembera m'makalata a boma, amaphimba anthu osafanana ndi chofunda chimodzi. Pulofesa akakhala kuchipululu malipiro ake akulowabe kubanki. Wophunzira akukolola maphunziro. Koma bambo wa m'mudzi akapereka tsiku, wapereka tsiku la ganyu, ndiye kuti wapereka beseni la chimanga limene ana ake akanadya. Onse atatu akatchedwa odzipereka, wina wanamizidwa. Pamenepa ndilibe chikaiko. Munthu wa pamalopo amene wasiya munda wake kuti akumbe dzenje la akatswiri ayenera kulipidwa, pa mtengo wogwirizana ntchito isanayambe, pamaso pa mfumu. Gulu limene lili ndi ndalama ya mafuta a galimoto ndi yotumizira makala kunja kukayezetsa, koma lilibe ndalama ya wogwira fosholo, labweretsanso thangata litavala malaya atsopano, ngakhale cholinga chake chikhale chabwino chotani.

Palinso china chimene munthu ameneyu amapereka, chimene sichilembedwa papepala la malipiro. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inasesa Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo mbali inonso inkamveka ndi dzina la chupa-sangue. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Tsopano taganizani za alendo ofika ndi galimoto, kukwirira bokosi la mawaya kuseri kwa sukulu, kukhoma chitsulo pathanthwe, kukumba dzenje looneka ngati manda aatali, nkumalemba m'kabuku. Wina adzati akufuna golide, wina adzati akuyeza malo oti atilande. Ndipo anthu otere si opusa, popeza malo analandidwapo kale ndi anthu oyamba ndi kuyeza. Chimene chimateteza alendowo ndi nkhope ya mwana wa m'mudzimo amene akuyenda nawo. Iye wabwereketsa dzina la mbumba yake. Mlendo ndi mame, dzuwa likakwera wapita. Zinthu zikadzavuta, mwana akadwala kapena chitsime chikauma, amene adzafunsidwe ndi amene anatsala.

Nditafika pamenepa ndinali pafupi kuvomerezana ndi mlongo wanga, koma china chinandiletsa. Tikanena kuti ntchito iliyonse yaulere ndi thangata, tanyoza anthu abwino kwambiri amene tili nawo. Adzukulu amadzuka kusanache kukakumba manda m'nthaka youma ya Okutobala, ndipo palibe amawalipira. Amayi amagona pansi pamaliro a munthu amene sanali mbale wawo. M'midzi yambiri muli makomiti a za ngozi ogwira ntchito ndi INGD, anthu osalipidwa amene amayenda khomo ndi khomo kuchenjeza anzawo mitsinje ikamadzaza. Ndipo tinene zoona, tili ndi nthenda ina imene inabwera ndi mabungwe: msonkhano wopanda alawansi masiku ano sufika anthu khumi, ngakhale ukhale wokonza mjigo umene ife tomwe timamwapo. Amene amafunsa kuti ndidyapo chiyani asanamve ntchito yake, nayenso wataya kanthu kena kamene makolo anali nako. Sindinafune kuti muphwa wanga aphunzire nthenda imeneyo kwa ine.

Koma ntchito ya chivomerezi ili ndi chovuta chake chimene dima ndi maliro zilibe. Wothandizidwayo ndani? Ku Dedza ndi Ntcheu kuli mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wautali makilomita oposa 100, wokhala ndi chitunda chimene pena chimapitirira mamita 10. Akatswiri amati utadumpha wonse nthawi imodzi ungabweretse chivomerezi choposa cha ku Machaze. Ungadumphe chaka chamawa. Ungagonenso zaka zikwi zingapo. N'chimodzimodzi mng'alu wa Thyolo umene uli pafupi nafe. Ndiye kuti mwina onse amene akukumba lero adzafa, ana awo adzafa, mayina a midzi adzasintha, phindu lake lisanaoneke. Mwini dima ameneyu sanabadwe. Sangatiphikire thobwa, sangatibwezere khasu, sangadziwe ngakhale dzina lathu. Kodi munthu angakhale ndi ngongole kwa amene kulibe?

Funso limeneli linanditengera masiku, ndipo yankho lake ndinalipeza nditakhala pansi pa mtengo wa mango umene uli kuseri kwa nyumba ya mayi athu. Palibe m'banja mwathu amene akudziwa anaudzala. Ndinaona kuti ndinkafuna khasulo kutsogolo pamene linabwera kale kuchokera kumbuyo. Tinabadwa nkupeza zitsime zokumbidwa, mitengo yobala, njira zopondedwa. Ana amene akusewera lero m'minda imene munali mabomba sadziwa mayina a amene anakwawa ndi mawondo kuwafukula. Dima la mibadwo limayenda chotero: amene unamulimira si amene anakulimira. Tikakana kulimira osabadwa chifukwa sangatibwezere, ndiye kuti tadya mango ndi ngongole imene taganiza kuti sitidzabweza. Apa ndinaona kuti mwanayo ali ndi chifukwa chenicheni chopitira, choposa satifiketi.

Komabe zonsezi zimaima pa chinthu chimodzi: nzeruyo ifike kwa osabadwawo, ndipo njira yokhayo yofikira kwa iwo imadzera m'midzi ya lero. Ikakathera m'kabati ku Lisbon kapena ku Bristol, zidzukulu za ku Mongue sizinathangatidwe ndi aliyense. Zinthu zasinthako, ndiyenera kuvomereza. Ku Malawi akatswiri a ku yunivesite ya Bristol agwira ntchito limodzi ndi nthambi ya boma yoona za miyala ya ku Zomba ndi sukulu ya ku Blantyre imene kale inkatchedwa Polytechnic, ndipo mu 2022 anasindikiza mapu a ming'alu yamoyo 113. Pakati pa olemba mapepala awo pali mayina ngati Hassan Mdala ndi Felix Mphepo, osati a alendo okha. Zimenezi n'zabwino. Koma mapepalawo ali m'Chingerezi cha akatswiri, a mbali ino amakhala m'Chipwitikizi cha akatswiri, ndipo mmisiri amene akumanga nyumba lero kuno kwathu sawerenga chilichonse mwa ziwirizo. Iye ndiye akusankha, njerwa ndi njerwa, amene adzapulumuke tsiku limenelo.

Chimene mmisiriyo akufunika kudziwa si chambiri. Chivomerezi pachokha sichipha munthu woima pabwalo, chimapha ndi khoma. Khoma la njerwa zomangira matope, lopyapyala, lalitali, lopanda chipupa chapakati cholichirikiza, ndilo limayamba kugwa. Chibwibwi cha pamwamba chija, chosongoka chimene chimanyamula mtanda wa denga kumapeto kwa nyumba, chimagwa msanga kuposa zonse, ndipo nthawi zambiri pansi pake ndi pamene pali bedi. Ngodya zimene njerwa zake sizinalumane zimatseguka. Zenera loyandikira kwambiri ngodya limafooketsa khoma. Lamba wa simenti ndi zitsulo, kapena ngakhale wa matabwa olimba, wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mazenera, amagwira makoma kuti agwedezekere limodzi. Boma la Malawi linatulutsa malangizo a kamangidwe kotere mu 2010, Karonga atagwedezeka. Chomvetsa chisoni n'chakuti nyumba ya agogo athu ya mitengo yophomedwa ndi denga la udzu, imene tikuithawa chifukwa ya umphawi, imapindika nkubwerera, pamene ya njerwa imene tikuisungira ndalama ya nandolo zaka zitatu ndiyo yolemera. Machaze ndi Morocco zija ndi zimenezi.

Nditamufotokozera mlongo wanga zimenezi anandiyankha mawu amene mpaka lero akundilemera. "Achimwene, ndiye akadzatiuza kuti nyumba idzagwa, simenti atipatsa? Munthu wopanda chochita mumuuziranji zoopsa? Musiyeni agone." Sindikufuna kunamizira kuti ndinamugonjetsa. N'zoona kuti pali chenjezo limene limangowonjezera katundu pamutu pa wosauka. Munthu amene akudandaula za ufa wa Febuluwale sangalire chivomerezi cha zaka mazana asanu zikubwerazo, ndipo sayenera kuchititsidwa manyazi chifukwa cha zimenezo. Chimene ndinamuuza n'chakuti zina mwa izi sizilira ndalama. Kulumanitsa ngodya ndi luso chabe. Kutseka chibwibwi ndi bango kapena malata m'malo mwa njerwa kumachepetsa njerwa zogula. Kusuntha mphasa ya ana n'kwaulere. Ndipo tchalitchi, mzikiti ndi sukulu, kumene timasonkhana mazana pansi pa denga limodzi, timamanga ndi zopereka zathu, ndiye tili ndi ufulu wodziwa pamene thumba limodzi la simenti lingagwire ntchito yoposa. Makoma omangidwa chotero amalimbanso ku mphepo ndi mvula ngati ya Freddy, imene sitidikira zaka mazana kuti ibwerenso. Kubisira munthu wamkulu choonadi poti ndi wosauka ndi kumuyesa mwana. Iye anangoti, "Mwatero," nkupitiriza kupeta.

Tsiku lachinayi ndinamuitana mnyamatayo. Ndinamuuza kuti apite, koma asananyamuke afunse akuluakulu a ulendowo ngati anthu a kumeneko amene adzakumbe ndi kulondolera njira adzalipidwa, ndipo akapeza kuti ayi, anene poyera kuti si bwino, ngakhale ali wamng'ono pagulupo. Ndinamuuza kuti asakumbe pamalo pamene mfumu sinamve ndi makutu ake cholinga cha dzenjelo, ndi kuti dzenje lililonse likwiriridwe pochoka, mbuzi ya munthu ingathyokeremo mwendo. Ndipo akabwerera, asanapite kukalemba za mayeso, adzaime pabwalo la mfumu kuno ndi amisiri onse a m'dera lino, nkufotokoza m'chinenero chimene anayamwa. Ananena kuti mawu ena a sayansi alibe Chinyanja chake. Ndinamuuza kuti ali ndi masabata asanu ndi limodzi oti awapeze.

Nandolo anathyoledwa ndi aganyu awiri, ndipo amene anawalipira ndi ine. Mlongo wanga amati ndiye kuti kafukufukuyo ndalama yake ina inachokera ku Mongue, ndipo akufuna kuona ngati dzina langa lidzalembedwe. Tsiku lonyamuka anamumangira ufa ndi mtedza ngakhale anauzidwa kuti chakudya chiliko, ndipo pamene kabaza ankanyamuka anafuula kuti aziponda pamene aponda eni dziko.

Patatha milungu itatu foni yanga inalandira chithunzi. Dzenje lalitali, khoma lake losalala, mizere ya dothi yofiira ndi yotuwa, ndipo pakatikati mizereyo yaduka, mbali imodzi nkutsika. M'mphepete mwa chithunzicho munaima bambo wina wovala nkhwaira, atagwira ndodo yoyezera. Ndinamufunsa mwanayo kuti ameneyo ndani. Anayankha kuti ndi amene amawalondolera njira, amalandira ndalama Loweruka lililonse. Ndinati ndafunsa dzina. Foni inakhala chete usiku wonse, mwina chifukwa cha netiweki. M'mawa mwake anatumiza dzina la bamboyo, mfunda wake ndi mudzi wake, ndipo mlongo wanga anandiuza kuti ndilembe kuseri kwa kalendala, pamene timalemba ngongole.